Mfundo Yamanzere M'dambo

Bweretsa machesiwo kuno, Yamikani. Usabise kumbuyo, ndawaona kale. Masamba mwasesawo asiyeni pomwepo, sathawa. Mukufuna kuyatsa moto dzuwa lili paliwombo, mwera ukuomba mpaka zovala za agogo anu aakazi zagwa pachingwe? Ana a ku Lilongwe inu mumandidabwitsa. Kwanuko munthu amatentha zinyalala nthawi imene wafuna, utsi n'kumalowa m'nyumba ya mnzake, mnzakeyo n'kumangotsokomola osanena kanthu. Kuno kunyanja moto uli ndi nthawi yake, ndipo wosankha nthawiyo si mwini machesi.

Khalani pansi apa pamthunzi. Iwe Takondwa, mkazi wanga wamng'ono, foniyo ika m'thumba. Ndikamayankhula ndimafuna kuona maso a munthu, osati pamutu pake.

Masiku ano lamulo la moto lili m'manja mwa komiti ya m'mudzi. Mwera ukamaomba sutentha, ngakhale masamba a mango. Masana sutentha. Ukafuna kutentha m'munda uyambe walambula m'mbali monse, uuze oyandikana nawo, ndipo uyatse m'mawa mame asanaume kapena madzulo mphepo itagona. Tchire ndiye osayerekeza n'komwe mpaka akomiti atalengeza. Wophwanya lamulo amatulutsa mbuzi, ndipo mbuzi zanga mwaziona nokha, ndi zowonda koma ndimazikonda. Alangizi nawo anabwera ndi zawo, akuti mapesi tisamatenthe, tiziphimbira nthaka kuti isunge chinyezi. Agogo anu aakazi anavomera msanga. Ine ndinayamba ndakana, monga mwa khalidwe langa, mpaka nditaona chimanga cha m'ndime yawo chikuseka changa.

Koma musaganize kuti lamuloli labwera ndi komiti. Ine ndinalipeza, ndipo kale linali lolimba kuposa lero, chifukwa kale denga la munthu aliyense linkamera m'dambo. Malata tinkawaonera kusiteshoni ya sitima ku Salima ndi pamasitolo a paboma. Enafe tonse tinkagona pansi pa udzu. Moto ukadutsa m'dambo udzu usanamwetedwe, mudzi wonse unkanyowa dzinja lonse. Ineyo lamulo limeneli linatsala pang'ono kundimana agogo anuwa, ndipo likanandimana, inu simukanakhala pano kumandibisira machesi.

Machesinso amenewa ife sitinakule nawo. Kwathu kwa Maganga moto ukazima m'nyumba, amayi ankatituma kukapala kwa oyandikana nawo, makala awiri atatu pa phale, n'kumayenda ukuuzira kuti asazime. Mwana wonyamula moto ankayenda mwaulemu ngati wanyamula mazira. Ndiye tinkaudziwa moto tili aang'ono, kuti ndi chinthu chobwereka, chosunga bwino. Inu mumangoti khwee, wayaka, n'chifukwa chake simuuopa.

Nditakula pang'ono ndinkabwera kuno ku Lifuwu wapansi, thumba la makaka paphewa, kudzasinthanitsa ndi usipa ndi mpunga. Makaka, Chisomo, ndi chinangwa chouma, usandiyang'ane ngati ndayankhula chizungu. Njinga pabanja pathu inalipo imodzi, ya amalume, yopanda mabuleki, tinkaimitsa ndi chidendene. Ankandibwereka akakondwa, ndipo sankakondwa kawirikawiri. Inu lero mumafuna kabaza popita pamsika pomwepa. Tsiku lina ndikudutsa m'mbali mwa minda ya mpunga, ndinamva chinthu chandimenya pakhutu. Chinali chibuluma cha dothi. Nditatembenuka ndinaona mtsikana akuingitsa mbalame, ataima pamzere, dzanja lamanzere lidakali m'mwamba. Ameneyo anali Naphiri, agogo anu. Mpaka lero amati ankalinga mpheta, koma mpheta zinali kutali ndi kumene kunali ine.

Za chibwenzi sindikuuzani, mudakali ana. Ankhoswe anayenda, mawu anamveka, ndipo atsibweni ake a Naphiri anapereka yankho lawo. Anati, "Mnyamatayo abwere amange nyumba pano, aifolere mvula yobzalira isanagwe. Ikagwa nyumba ilibe denga, adikire chaka chamawa."

Chaka chamawa chimenecho ndicho ndinkachiopa. Panali msodzi wina, wa bwato lake ndi ukonde wake, amene ankakonda kudutsa pakhomo pa atsibweniwo chambo chili m'manja, pobwerera m'manja muli mbee. Munthu wa makaka sangapikisane ndi chambo chaka chathunthu. Choncho mitengo ndinadula msanga, zipupa ndinaimika, matope ndinaphoma, phaso ndinamanga. Chinatsala ndi udzu.

Tsono mvetsani mmene zinkakhalira. Udzu ukakhwima, nyengo yozizira ikuyamba, mayi aliyense wapabanja ankapita kudambo kukasankha malo ake. Ankagwira nsonga za udzu uli chiimire, n'kuzipota, n'kumanga mfundo. Mfundoyo ndiyo inali chizindikiro. Palibe ankamweta pamene mnzake wamanga, ndipo m'dambo mukakhala mfundo ngakhale imodzi yosamwetedwa, palibe ankaloledwa kuyatsa tchire. Mfundo yomaliza ikagwa, m'mawa woyamba wopanda mphepo moto unkayatsidwa. Mtsikana wosakwatiwa sankamanga mfundo, poti alibe nyumba yofolera. Mlendo naye sankamanga. Ankangololedwa kutola zotsalira za m'mbali, udzu waufupi wa m'minga umene eni mudzi aunyoza.

Mwauona msampha wake? Ine sindikanamanga mfundo chifukwa sindinali mkamwini wa pamudzipo, ndipo sindikanakhala mkamwini popanda denga.

Woyang'anira mfundozo anali a Jafali, bambo wachisilamu wa kufupi ndi gombe, wamtali, wokonda kuseka ndi maso okha. Mukudziwa chifukwa chake anthu anasankha iwowo? Sankadya mbewa. Ena onse ankaufuna moto msanga. Alenje ankafuna kuti mauna a mbewa aonekere palupsa, eni ng'ombe ankafuna kuti msipu uphuke. Munthu wokonda kapuku ukamupatsa ntchito yoyendera mfundo, zina sazionanso, maso amachita chidima. A Jafali ankati, "Ine mbewa ndi haramu, ng'ombe ndilibe, ndiye mungondipirira." Usakwinye nkhope iwe Chisomo. Soseji imene umadya kutauni ija ukudziwa zimene amaikamo? Mbewa bola umaiona yonse, mutu ndi mchira womwe.

Ndinayamba kumweta zotsalirazo ndi zenga, kachitsulo kokhota kaja mumakaona katapanikizidwa padenga la khitchini. Kameneko ndi kakale kuposa atate anu, musamakumbire nako nyongolotsi. Udzu wa m'minga umapweteka. Umamweta dzuwa lonse, ukamanga mtolo n'kuona kuti ndi wowonda, woti mwana anganyamule m'khwapa. Uku amayi a m'mudzi akumweta wawo wautali, akuimba, mfundo zikugwa imodziimodzi. Nditaunjika mitolo yanga ndinaona kuti sikwanira ngakhale mbali imodzi ya denga.

Ndinapita kwa a Jafali kukadandaula. Anandimvetsera bwinobwino, akusoka ukonde, kenako anati, "Mwana wanga, lamuloli si langa, ndimangolisunga. Mfundo zikatha, Inshaallah tiyatsa. Iwe fulumira."

Mtima unandiwawa, ana inu. Msodzi uja ankadutsa pa nyumba yanga yopanda denga n'kundipatsa moni waulemu kwambiri, maso ali paphaso. Ulemu umenewo ndinkaumva kuwawa kuposa minga.

Mfundo yomaliza inagwa. Alenje ananola makasu, agalu anayamba kuyendayenda ngati auzidwa. M'mawa mwake kunali bata, mphepo ziii. A Jafali anatenga ndodo yawo kukayendera dambo komaliza, anthu akudikira ndi miuni. Atabwerako anangoti, "Moto kulibe. Kuseri kwa chulu, pafupi ndi mgwalangwa uja, kuli mfundo."

Kumeneko kunali kutali, amayi ankakusiya chifukwa cha mtunda, koma udzu wake unali wautali kuposa munthu. Anthu anabwerera kwawo akung'ung'udza, n'kumadikira kuti mwini mfundo akamwete. Sanabwere. M'malo mwake mfundo zinawonjezekera, ina apa, ina apo. Ine sindinkadziwa kanthu. Ndinkangothokoza Mulungu n'kumapitiriza kukwawa m'minga mwangamo, mitolo ikuchuluka pang'onopang'ono.

Amene zinawapweteka kwambiri anali a Kachingwe, bambo wina wamimba yozungulira amene ankati chaka chimayamba tsiku limene walawa mbewa. Anavutitsa a Jafali mpaka a Jafali anaitanitsa amayi onse kuti akumane pa mfundo pomwepo. Nanenso ndinapita, koma ndinabisala kuseri kwa chulu, chifukwa pagulupo panali aNabanda, amayi ake a Naphiri. Kale mnyamata ukatomera, amayi a mtsikana sunkaonana nawo maso ndi maso. Ukawaona akubwera m'njira unkapatukira patchire, ngakhale pali chitedze. Lero atate anu amakhala pa sofa imodzi ndi apongozi awo n'kumalimbirana rimoti. Ine ndikaona zimenezo ndimangotuluka panja.

A Jafali anagwira mfundo ija ndi nsonga ya ndodo. "Amayi, mfundo iyi yatiimika tonse. Mwini wake anene. Akapanda kupezeka ndimasula ndekha, mawa tiyatsa."

Amayi anayandikira, akuyang'anitsitsa. Mayi wina wachikulire anaitembenuza m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Iyi yapotedwa chobwerera."

Taonani, ndikuonetseni ndi udzu uwu. Munthu wamanja akapota, mfundo imagonera uku. Wamanzere akapota imagonera uku. Mwamuna sangazindikire, koma mayi amene wamanga mfundo moyo wake wonse amaona nthawi yomweyo. Ndipo m'mudzi monsemo munthu wamkazi wamanzere analipo mmodzi yekha. Ali mwana makolo ake anayesa kumumanga dzanjalo ndi nsanza kuti azolowere linalo, koma zinakanika. Maso onse anatembenukira kwa Naphiri, amene anaima kumbuyo kwa gulu akuyang'ana zala za kumapazi kwake.

Inu mukuseka, koma sizinali zoseketsa. Mtsikana kumanga mfundo kunali ngati kuima pabwalo n'kulengeza kuti ine ndikufuna banja, ndatopa n'kudikira. Manyazi ake akanagwera mtundu wonse, ndipo atsibweni aja akanatha kuthetsa zonse tsiku lomwelo kuti atsuke dzina. Ine kuseri kwa chulu ndinakondwa kuti Naphiri wandichitira zotere, ndinaopanso kuti zomwezo zindilanda iyeyo.

A Kachingwe anatsokomola. "Ndiye kuti tagona ndi nkhuli nthawi yonseyi chifukwa cha mwana wofulumira banja?"

Pamenepo aNabanda anasuntha. Anali mayi wamfupi, wosachulutsa mawu, woti akakuyang'ana umayamba kukumbukira zolakwa zako. Anati, "Mfundoyo ndi yanga."

"Inu mayi munamweta kale, tinakuonani," anatero a Kachingwe. "Komanso inu si amanzere."

"Nkhokwe yanga ikufuna denga latsopano. Nyamakazi yandigwira dzanja lamanjali, ndiye ndamangira linali." Akunena zimenezo n'kuti dzanja lamanjalo atalilowetsa kale m'chitenje.

"Tilione dzanjalo."

A Jafali anakweza ndodo pang'ono. "A Kachingwe, using'anga mwauyamba liti?" Kenako anayang'ana mfundo ija, anayang'ana Naphiri, anayang'ananso chulu, pamene ndikukhulupirira kuti mutu wanga unkaonekera. Maso awo ankaseka, pakamwa pali phee. "Wallahi, nyamakazi ya chaka chino ndi yoipa, imagwira mwadzidzidzi. Nanga poti dzanja ladwala, mayi, akumweterani ndani? Anthuwa sangadikire mpaka lichire."

ANabanda anafulatira chulu chija, n'kuyankhula ngati akuuza mtengo wa mgwalangwa. "Ndamva kuti kuli mlendo wina amangozungulira m'minga ndi zenga. Ngati si waulesi, amwete. Udzu wotsala pankhokwe yanga aone nawo chochita."

Ana inu, ndinamweta. Ndinamweta mpaka m'manja munatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, ine osaima. Udzu wake wautali, wosalala, ukagwa umachita kumveka. Nkhokwe ya aNabanda inali yaing'ono ndipo denga lake linali labwinobwino, koma ndinaifolerabe mwaulemu wonse, ndipo wotsalawo unali mulu woti mwana sangauone pamwamba.

Musaganize kuti agogo anu anapulumuka. ANabanda atanena pagulu kuti dzanja ladwala, linayenera kudwaladi. Analikulunga ndi nsalu nyengo yonse yotentha. Kusinja, kutunga madzi, kutola nkhuni, kupeta mpunga, zonse zinagwera Naphiri, mayi ake atakhala pamkeka akumuloza ndi chibwano pamene sanasese bwino. Anthu akabwera kudzazonda dzanjalo, ankabuula mochititsa chifundo, mpaka ena anawabweretsera mankhwala azitsamba. Taonani agogo anuwo pakhondepo, akupukusa mutu. Akuti ndikunama. Mpaka lero amati mfundo zija inamanga ndi mphepo. Mphepo yamanzere, kapena.

Mwambo unali woti amene wamweta mfundo yomaliza ndiye amayatsa tchire. Choncho ine, mlendo wa makaka, ndinapatsidwa muuni. Amuna anali atalambula kale kuzungulira manda ndi m'mbali mwa minda, chifukwa moto kulowa kumanda unali mlandu waukulu kuposa wina uliwonse. Tinayatsa m'mawa kuli bata, kuyambira kumene mphepo ikanapita ikadzuka, kuti moto uziyenda pang'onopang'ono, anthu atandandalika m'mbali ndi nthambi zaziwisi. Udzu unkathetheka, ziwala zikuuluka, akabawi akuzungulira mu utsi kuziwakha. Agalu ankathamanga uku ndi uku osadziwa choyamba kugwira. Dzuwa lisanakwere kwambiri dambo lonse linali bii, ndipo makasu anayamba kumveka. A Kachingwe anakumba ngati mnyamata. Madzulo ake anandipeza n'kundipatsa mpani wa mbewa zonona, nati, "Mkamwini, wativutitsa, koma idya." Aka kanali koyamba munthu wa m'mudzimo kunditchula mkamwini. A Jafali anaima patali, kumene kunkachokera mphepo, atagwira mphuno.

Masiku ano mukapita kudambo lija simupeza mfundo. Mbali ina analima mpunga, mbali ina anamangamo. Ife tomwe tinagula malata atate anu ali kusukulu, titakolola bwino zaka zingapo zotsatizana, ndipo mvula yoyamba agogo anu anadandaula kuti phokoso lake likuwalepheretsa kundikalipira. Amene akufolerabe ndi udzu alipo ambiri, ndipo ndi chifukwa cha iwowo akomiti amachedwetsa moto mpaka lero. Ena amanyinyirika kuti n'zachikale. Ine ndikamva choncho ndimakwiya, chifukwa wonena zimenezo nthawi zonse amakhala wa malata.

Koma ndibwerere ku denga langa, ndisanaiwale pamene ndimapita. Udzu ndinali nawo, koma kufolera ndi luso lina. Kwathu ankafolera ndi atate, ine ndinkangowaponyera mitolo. Tsopano ndinali ndekha pamwamba, kukutentha, mitambo yayamba kusonkhana kumpoto, mpoto ukuomba. Ndinayala, ndinamanga ndi luzi, ndinapanda ndi thabwa kuti usalale. Kamvula ka chizimalupsa, kaja kamangowaza kuziziritsa phulusa la m'tchire, kanandipeza ndikumaliza nsonga. Atsibweni aja anabwera, anazungulira nyumba, analowa, anayang'ana m'mwamba, anatuluka. Anangoti, "Chabwino." Ndikuganiza kuti mumtima ankalira chambo, chifukwa msodzi uja anasiya kudutsa njira imeneyo.

Ukwati unachitika, wosachulutsa zinthu, ankhoswe, nkhuku, thobwa ndi mpunga. Titalowa m'nyumbamo, tsiku lina m'mawa ndinamva Naphiri akunong'ona kuti amayi akubwera. Ndinathawira m'kati n'kukhala kuseri kwa chitseko. ANabanda anaima pabwalo, anayang'ana denga nthawi yaitali. Panali nkhuku ikutolatola pafupi ndi mapazi awo, ndiye anayankhula ndi nkhukuyo, mokweza kuti wa kuseri kwa chitseko amve.

"Iwe nkhuku, ukamuuze mwini nyumbayi kuti dzanja langa lavutika kokwanira chifukwa cha denga limeneli. Likadontha, mwana wanga ndidzamutenga."

Atatero anamasula nsalu ija, anatambasula zala, n'kunyamula mtsuko wodzaza ndi dzanja lomwelo kumapita kwawo.

Mvula yobzalira inabwera masana ena, yamphamvu, yochokera kunyanja, yoti ukaima pakhomo sungaone nyumba ya mnzako. Tinali m'nyumba awiriwiri, titakhala pamphasa, tikumvetsera. Poyamba kunali bwino, ndipo ndinayamba kudzitama mumtima. Kenako ndinamva tho. Ndinayang'ana kumbali ngati sindinamve. Tho, kachiwiri. Linadontha, ana inu. Silinadonthe pakona kapena kukhomo, linadontha pakati penipeni, pamene panali mphasa. Mawu a aNabanda ankalira m'makutu, ndikuganiza za minga yonse ija ndi matuza onse aja.

Agogo anu anayang'ana m'mwamba, dontho linawagwera pamphumi. Anapukuta, anadzuka, anakokera mphasa pakona, anaika mbale podonthapo. Kenako anakhala pansi n'kundisiyira malo pambali pawo.

"Bwerani mukhale kuno kouma," anatero. "Amayi akafunsa, madziwa ndataya ndine."